Ndikuitana koma sindikumva kuyankha

Amake Shakira, 20:52
Assalam alaikum abale ndi alongo. Pepani ndikulemba usiku. Ndakhala ndikuwerenga ndakatulo zimene mumaponya pagulu pano osayankhapo kanthu, koma lero ndati ndifunse. Mwezi wa mawa chikwana chaka chimwalirireni mwana wanga wamkazi. Anali ndi zaka 9. Masiku onse amene anali m'chipatala ndinkadzuka pakati pa usiku kuswali ndi kupempha, ndipo ndinkamva ndithu kuti alipo amene akundimvera. Titamuika m'manda ndinapitiriza. Swala zisanu sindinasiye, tasbihi ndimagwirabe. Koma m'kati muno mwauma gwa. Ndikati "Ya Allah" mawuwo amangogwera pamkeka pomwepo. Masiku ena limabwera ganizo limene sindingathe ngakhale kulilemba pano. Kodi munthu wotere akadali panjira, kapena anagwa kalekale koma sakudziwa?

Abiti Mussa, 20:58
Wa alaikum salam mwanangu. Inna lillahi wa inna ilaihi rajiun. Pepa kwambiri. Wachita bwino kulankhula.

Esnart, 21:00
Pepani achemwali. Tili nanu.

Mwalimu Idrisa, 21:11
Wa alaikum salam mayi. Pepani ndithu. Funso lanu si lachilendo, ndipo alakatuli amene timawerenga panowa analidutsa. Ndikufotokozereni nkhani imene Jalaluddin Rumi anaika m'buku lachitatu la Masnavi, ndakatulo yake yaitali ya m'Chiperezi. Rumi anamwalira ku Konya, m'dziko limene lero ndi Turkey, mu 1273.

Akuti munthu wina ankachezera usiku kutchula "Allah, Allah" mpaka milomo yake inkazuna ndi dzinalo. Satana anabwera n'kumuuza kuti, iwe wolongolola, waitana kokwana, nanga yankho lili kuti? Unamvapo ngakhale kamodzi akuti "Labbaik"? Mawu amenewa ndi aja amanena ochita Hajj, kutanthauza kuti ndili pano, ndavomera kuitana. Munthu uja anasweka mtima, analeka, n'kugona. Kutulo anaona Khidr, kapolo wa Allah wopatsidwa nzeru zobisika, ataima pamalo obiriwira, akumufunsa chifukwa chimene wasiyira. Iye anati palibe yankho, ndikuopa kuti anandibweza pakhomo. Khidr anamuuza uthenga wochokera kwa Allah: "Allah" wakoyo ndiye "Labbaik" wanga, ndipo kupweteka kwako, kupempha kwako ndi kutentha kwa mtima wako ndiye mthenga amene ndinamutuma kwa iwe.

Ndiye ine ndikufunseni mayi. Ngati munagwa kalekale, akukudzutsani pa Fajr, swala ya m'bandakucha, ndani?

Amake Shakira, 21:16
Mwalimu, mwina ndi chizolowezi chabe. Thupi linazolowera kudzuka, basi.

Rashid, 21:19
Assalam alaikum mayi. M'buku lomwelo muli nkhani ya tchana yomwe ikuwira mumphika. Imalumphira m'mwamba kudandaula kwa mayi wophika kuti bwanji mukundiotcha, iye n'kuibwezera pansi ndi chipande, amvekere sindikukuphika chifukwa chodana nawe, ndikufuna upse bwino ukome. Mayesero onse ndi otero.

Amake Shakira, 21:22
Achimwene, ndikudziwa mukundifunira zabwino. Koma musandiuze kuti mwana wanga anali nkhuni zophikira ine. Zimenezo sindingazimeze.

Abiti Mussa, 21:25
Rashid mwanangu, nkhani yakoyo ndi yoona koma ili ndi tsiku lake. Imeneyo munthu amadziuza yekha patapita zaka, sauzidwa ndi mnzake dothi la pamanda lisanatitimire.

Rashid, 21:26
Pepani mayi, ndalakwa. Mundikhululukire.

Amake Shakira, 21:27
Palibe mlandu achimwene.

Che Bakali, 21:38
Assalam alaikum. Pepani mayi ndi zovutazi. Koma ine ndinene zimene zili kukhosi, popeza nkhani yake ndi ya imani, chikhulupiriro. Munthu akafunsa ngati akadali m'Chisilamu, sitingamuyankhe ndi maloto a m'ndakatulo. Khidr analankhula zimenezo kwa ndani, liti, anamva ndani? Ndakatulo si umboni. Yankho lilipo loyera m'Sahih Muslim, buku la hadith, zonena ndi zochita za Mtumiki Muhammad (SAW). Maswahaba ena, anzake a Mtumiki (SAW), anapita kwa iye kukanena kuti timapeza m'mitima mwathu zinthu zimene aliyense wa ife amaona kuti n'zoopsa kuzitchula. Iye anafunsa ngati akuzipezadi, iwo anavomera, ndipo anati chimenecho ndiye chikhulupiriro chenicheni. Maulama, akatswiri a chipembedzo, anafotokoza kuti si ganizolo limene lili imani, koma kudana nalo ndi kuopa kulitchula. Mayiwa anena okha kuti sangathe kulilemba. Ndiye yankho ndi limenelo, sitikusowa Aperezi.

Mwalimu Idrisa, 21:44
Che Bakali, hadith imeneyo mwaibweretsa pa nthawi yake, Jazakallah khair. Sindikutsutsana nanu. Rumi sanali kupanga hadith, ndipo amene ankamumvera ankadziwa kuti akupha fanizo. Munthu uja anali mufti ndi mphunzitsi wa malamulo a Chisilamu asanakhale mlakatuli. Chimene ndakatulo imachita ndi kutenga chinthu chimene mutu ukuchidziwa kale n'kuchitsitsira pachifuwa. Mayiwa ma ayah a m'Qur'an amawadziwa. Chimene chasowa si umboni.

Che Bakali, 21:47
Nanga vinyo ndi malo omwera mowa zimene zadzaza m'ndakatulo zawozo? Mwana wa madrasa akawerenga zimenezo amva chiyani?

Mwalimu Idrisa, 21:50
Limenelo ndi funso labwino, ndipo ophunzira akhala akukangana nalo zaka mazanamazana, makamaka pa Hafiz wa ku Shiraz. Tidzalitenge tsiku lina lonse lathunthu. Lero tisachoke pa mayiwa.

Yusufu, 22:09
Salam kuchokera ku Leicester, ku England. Ndangoweruka kumene, ndiye ndawerenga zonse kamodzi. Mayi, ine si wophunzira, ndimayendetsa galimoto yonyamula katundu, koma pali buku limodzi limene ndaliwerenga katatu m'Chingerezi, ndipo funso lanu lili pakatikati pake. Ndi la Fariduddin Attar wa ku Nishapur ku Iran, lotchedwa Mantiq al-Tayr, analilemba cha m'ma 1177. Dzinalo analitenga m'Surah An-Naml, pamene Sulaiman akunena kuti taphunzitsidwa chilankhulo cha mbalame.

Mbalame zonse za padziko zasonkhana kufuna mfumu. Hudhud, mbalame ija inabweretsa nkhani ya mfumukazi ya ku Saba kwa Sulaiman, ikuziuza kuti mfumu ilipo kale, dzina lake Simurgh, imakhala kuseri kwa phiri la Qaf, koma njira yake ndi yaitali. Poyamba zonse zikusangalala. Zitamva kutalika kwa ulendo, iliyonse ikuyamba kupereka chifukwa. Kambalame koimba usiku kakuti sikangasiye duwa la rozi limene kamalikonda. Kadzidzi akuti akulondera chuma chokwiriridwa m'mabwinja. Kabawi akuti amakhala kale padzanja la mfumu ya padziko, afunenso chiyani. Bakha ndiye anandigwira mtima: akuti ine ndimakhala m'madzi, ndimasamba nthawi zonse, ndine woyera kale, ndipitirenji?

Kenako hudhud ikufotokoza zigwa zisanu ndi ziwiri zoti zidutse. Choyamba kufunafuna, chachiwiri chikondi, chachitatu kuzindikira, chachinayi kusadalira kanthu, chachisanu Tawhid, umodzi wa Allah. Tsono apa ndi pamene ndikufuna muonetsetse. Munthu ungaganize kuti ukafika pa Tawhid wafika. Ayi. Chigwa chachisanu ndi chimodzi ndi Hayrat, kusokonezeka, kuthedwa nzeru. Attar akuti wapaulendo akafika mmenemo, zonse zimene anazidziwa zimamuthawa. Ukamufunsa ngati alipo kapena kulibe, ali m'kati kapena kunja, amayankha kuti sindikudziwa kanthu, ndili m'chikondi koma sindikudziwa ndi ndani, mtima wanga ndi wodzaza komanso ndi wopanda kanthu.

Chigwa chimenechi sanachiike koyambirira kwa ulendo, kumene kuli anthu osadziwa kanthu. Anachiika pafupi ndi mapeto, chitatsala chimodzi chokha.

Esnart, 22:15
A Yusufu, zikomo. Ine ndine Mkhristu monga mukudziwa, koma zimenezi ndazimva m'thupi. Kwathu kuli Yohane wa Mtanda, wansembe wa ku Spain wa m'zaka za m'ma 1500, amene analemba ndakatulo ya usiku wamdima wa mzimu. Ndiponso Salimo 88 limatha popanda chitonthozo chilichonse, mawu ake omaliza ndi a mdima, koma analisiya m'Baibulo momwemo, osalikonza. Bambo anga atamwalira ndi lokhalo limene ndinkatha kuwerenga.

Che Bakali, 22:21
A Yusufu, m'chigwa chomwecho wapaulendoyo amanenanso kuti sindine Msilamu, sindine kafiri. Ndikunama? Mawu amenewo ndi oopsa. Tisawabise.

Yusufu, 22:27
Simukunama, alimo. Ndipo muli nkhani ina yoopsa kuposa pamenepo, ya Sheikh San'an, amene anakhala ku Makka zaka 50 ndi ophunzira 400, kenako anakonda mtsikana wachikhristu ku Rum, dziko la Akhristu la nthawi imeneyo, n'kusiya zonse mpaka kumaweta nkhumba. Nthawi yoyamba ndinatseka buku. Koma taonani chimene Attar akuchita nayo. Ophunzira ake anamusiya n'kubwerera ku Makka ndi manyazi. Kumeneko anapeza mnzawo mmodzi amene kunalibe pamene ankanyamuka, ndipo ameneyo anawakalipira kuti ubwenzi wanu ndi wotani, wothawa munthu pa tsiku limene wagwa? Anabwerera nawo, anakhala masiku 40 akusala ndi kupempha, mpaka shehe uja anabwezedwa. Ine mmene ndimaimvera, Attar sakuti kugwa n'kwabwino. Akuti ngakhale wa zaka 50 ku Makka angagwe, ndipo akagwa anzake asamuthawe.

Mawu aja a m'chigwa cha Hayrat si fatwa, chigamulo cha malamulo a Chisilamu, ndi kubuula kwa munthu amene ali pa ululu. Wodwala malungo akabwebweta sitilemba zonena zake ngati chikhulupiriro chake.

Che Bakali, 22:30
Fanizo la malungo ndalimva. Komabe buku lotere lisaperekedwe kwa aliyense popanda womulongosolera.

Mwalimu Idrisa, 22:41
Pamenepo Masufi eni ake, otsata njira yoyeretsa mtima monga Rumi ndi Attar, angagwirizane nanu, n'chifukwa chake amaumirira kuti munthu akhale ndi shehe. Ndiwonjezere pang'ono. Iwo ali ndi mawu awiri, qabd ndi bast, kufinyika ndi kutambasuka kwa mtima, ochokera m'Surah Al-Baqarah ayah 245, pamene akunena kuti Allah ndi amene amafumbata ndi kutambasula. Amaphunzitsa kuti zonse ziwiri zimabwera ndi kupita ngati usiku ndi usana, ndipo si iwe amene umaziitana. Chimene chili m'manja mwako ndi kukhala pakhomo. Ibn Ata'illah wa ku Alexandria, shehe wa twarika (gulu la Masufi) ya Shadhiliya amene anamwalira mu 1309, analangiza kuti kuchedwa kwa yankho pamene ukupempha mokakamira kusakutayitse mtima. Analangizanso kuti usasiye zikiri, kutchula dzina la Allah, chifukwa choti mtima suli pomwepo, pakuti kuiwala kutchula n'koipa kuposa kutchula mtima uli kwina.

Ndipo tisaganize kuti zimagwera anthu wamba okha. Imam Al-Ghazali, amene Che Bakali ndi ine tonse timamulemekeza, anali mphunzitsi wamkulu pa sukulu ya Nizamiyya ku Baghdad. Mu 1095 lilime lake linauma, sankatha kuphunzitsa, chakudya chinkakana kulowa. Anasiya udindo, anapita ku Damascus, anakhala zaka pafupifupi khumi kutali ndi mpando wake. Analemba yekha zimenezi osabisa, pamodzi ndi nthawi ina ali wachinyamata imene anakhala pafupifupi miyezi iwiri akukayika chilichonse, ngakhale zimene maso ake ankaona. Akuti chimene chinamuchiza si mtsutso wanzeru, koma kuwala kumene Allah anakuponya m'chifuwa mwake.

Abiti Mussa, 22:55
Ana inu mwawerenga zambiri. Ine mabuku a Aperezi sindiwadziwa, ndinakulira ku Machinga m'banja la twarika ya Kadiriya, sikiri (zikiri ya pagulu) ndinayamba kuimva ndili kumbuyo kwa amayi. Ndaika m'manda ana awiri ndi mwamuna. Ndikuuze zimene ndinaona, amake Shakira.

Wachiwiri atapita ndinakhala zaka ziwiri ngati chitsa. Azimayi anzanga akayamba "La ilaha illallah", ine pakamwa pankayenda koma mtima uli phee ngati mwala wa mumtsinje. Ndinkachita manyazi, ndinkati ndikunamiza Mulungu. Tsiku lina ndinauza mayi wina wachikulire amene ankatitsogolera kuti ndisiya kubwera. Sanandilalikire. Anangoti, ubwere udzakhale pakati pathu, ukalephera kutchula tikutchulira ife. Ndinkapita n'kumangokhala. Sindingakuuze tsiku limene zinasintha, chifukwa panalibe tsiku. Zinali ngati mmene chitsime cha m'dambo chimabwerera madzi, ukapita m'mawa wina n'kupeza pansi panyowa.

Che Bakali, ndikudziwa inu a Sukuti, amene mumati pamaliro pazikhala chete, sikiri ya pamaliro simugwirizana nayo, ndipo sindikufuna mkangano umenewo usiku uno. Ndikungonena chimene chinandinyamula ine.

Che Bakali, 23:01
Mayi, ndakumvani ndi ulemu wonse. Pa nkhani ya sikiri tisiyana, koma pa mawu akuti munthu wachisoni asasiyidwe yekha palibe kusiyana. Mtumiki (SAW) mwini wake analira mwana wake Ibrahim akumwalira, n'kunena kuti diso likukhetsa misozi, mtima ukumva chisoni, koma sitinena china kupatula chimene chikondweretsa Mbuye wathu. Yaqub analira Yusuf mpaka maso anayera, ndipo Qur'an siinamudzudzule. Anati ndikudandaulira Allah yekha za kusweka mtima kwanga ndi chisoni changa. Kudandaulira Allah si kudandaula za Allah.

Amake Shakira, 23:14
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Zikomo nonse. Che Bakali, hadith ija sindinkaidziwa, ndaiwerenga kanayi.

A Yusufu, ndifunse. Mbalame zija zinafika? Chifukwa ine chimene chimandiopsa si kuvutika panjira. N'chakuti mwina ukafika kumapeto upeza kulibe aliyense.

Yusufu, 23:31
Zinanyamuka zikwizikwi, mayi. Zina zinamira m'nyanja, zina zinafa ndi ludzu, zina zinapsa ndi dzuwa, zina zinadyedwa ndi zilombo, zina zinaona chinthu chokongola panjira n'kukhala pomwepo. Zinafika 30 zokha, nthenga zitathothoka, zitatheratu. Ndipo zitafika pakhomo sizinalandiridwe ndi nthungululu. Anatuluka wapakhomo wa mfumu n'kuzifunsa kuti ndinu ndani, mukufuna chiyani, mfumu ilibe nanu ntchito, bwererani. Pamenepo ine ndinaika buku pansi, ndinali pamalo oimikapo magalimoto usiku, ndinakhala nthawi yaitali osaliza injini. Ulendo wonse uja, n'kuuzidwa kuti bwererani.

Mbalamezo zinakana kuchoka. Zinati ngakhale atinyoze, kunyoza kwake kwa ife ndi ulemu. Ndiye khomo linatsegulidwa. Zitalowa zinaona Simurgh, ndipo poyang'ana zinaona nkhope zawo zomwe, ngati pagalasi. M'Chiperezi "si" ndi 30, "murgh" ndi mbalame. Simurgh, si murgh. Che Bakali asanandigwire, sindikunena kuti mbalame ndi Mulungu, ndipo Attar akupitiriza kunena kuti zinasungunuka ngati mthunzi padzuwa, kutsala dzuwa lokha. Mmene ndimamvera ine, amene zinkamufuna kutali anali nazo kuyambira tsiku lonyamuka, ndiye amene ankaziulutsa. N'chimodzimodzi ndi nkhani ya a Mwalimu ija.

Koma pali kankhani kena kakafupi m'chigwa cha Hayrat kamene ndakhala ndikulimbana nako ngati ndikalembe kapena ayi. Mukandilola ndilemba.

Amake Shakira, 23:33
Lembani.

Yusufu, 23:40
Mayi wina ankalira pamanda a mwana wake wamkazi. Munthu wina wa panjira ya Allah anadutsa, anamuyang'ana, n'kunena kuti mayi uyu watiposa amuna tonsefe, chifukwa akudziwa amene wamutaya, akudziwa amene akumulira. Ine ndikulira usana ndi usiku koma sindikudziwa amene ndasiyana naye.

Attar sanamuike mayiyo kunja kwa njira. Anamuika patsogolo pa Msufi.

Esnart, 23:42
Mayo ine.

Amake Shakira, 23:58
Pepani ndinachoka pang'ono, ndimalira. Koma kulira kwake kwasiyana ndi kwa masiku onsewa.

Sindinena kuti mtima wanga wakhala m'malo, kungakhale kunama. Mwina mawa pa Fajr kudzakhala kouma chimodzimodzi. Mwalimu, funso lanu lija ndinaliyankha mofulumira. Chizolowezi ndinali nachonso chopita kumsika Loweruka lililonse ndi mwanayo, koma chimenecho chinafa tsiku lomwelo. Ichi chokha ndi chimene chakana kufa, ndipo sindikudziwa chifukwa chake.

Mwalimu Idrisa, 00:04
Musachikakamize kuti chikuuzeni chifukwa. Mawa pa Fajr werengani Surah Ad-Duha, ndi yaifupi. Inatsika pamene Mtumiki (SAW) anakhala masiku osalandira chivumbulutso, anthu n'kuyamba kumunena kuti wasiyidwa. Ayah yachitatu ikuti Mbuye wako sanakusiye ndipo sanakude. Mukaona kuti simukumva kanthu, werenganibe. Komanso mayi, ngati tulo ndi chakudya zikukuvutani kwa nthawi yaitali, kapena ganizo lija likakhala lofuna kudzivulaza, kaonaneni ndi achipatala ndipo muuze munthu wapafupi. Kutero si kuchepa kwa imani.

Amake Shakira, 00:07
Si lodzivulaza Mwalimu, ndi la kukayika basi. Koma tulo ndiye palibe. Ndipita.

Abiti Mussa, 00:12
Uli ndi azimayi anzako kumzikiti kwanuko amene ungakhale nawo? Usamangoswali wekha m'chipinda.

Amake Shakira, 00:14
Alipo mayi. Ndine ndinawatalikira, chifukwa aliyense akandiona nkhope imagwa. Lachisanu ndipita.

Rashid, 00:16
A Yusufu, bukulo lilipo m'Chichewa kapena m'Chiyao?

Yusufu, 00:19
Ine sindinalionepo. Mukafuna ndizimasulira kachidutswa kamodzi Lamlungu lililonse n'kuponya pano, a Mwalimu ndi Che Bakali azindikonza. Ndiyambira pa bakha.

Che Bakali, 00:21
Ndikonza ndithu, ndipo pamene sindikugwirizana napo ndizinena.

Abiti Mussa, 00:26
Mwanangu, ndikufunse chinthu chimodzi tisanagone. Dzina limene tikukuitanirali, Shakira ndi yemweyo?

Amake Shakira, 00:28
Ndi yemweyo mayi. Anali woyamba.

Abiti Mussa, 00:29
Tizikuitana choncho, kapena likukulasa?

Amake Shakira, 00:33
Muzindiitana choncho. Kunyumba kuno anthu analeka kulitchula poopa kundiliza, ndiye pagulu pano ndi pokhapo pamene ndimalionabe litalembedwa.